Madzi Otentha Amene Sindinawamve

Lolemba, 14 Okotobala

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pazenera. Bambo a Zahra, amuna anga, andisiyira kope ndi cholembera, ati ndizilemba zimene madokotala akunena, poti ine ndikamva zoopsa mutu umangoti zii, pofika madzulo ndayiwala zonse.

Ndiyambe ndi chimene chandibweretsa, chifukwa aliyense wondifunsa ndikumuyankha theka. Ndine Sofiya, kwathu ndi ku Liwaladzi, ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pa boma. Katundu ndimakapikula ku Dar es Salaam. Ulendo wathawu sindinapitire katundu. Ndinakagona pa chipatala china cholipira kumeneko, anandichita opaleshoni yochepetsa mimba. Anadula khungu lolendewera ndi mafuta ake, anasoka minofu imene inatayana nditabereka mapasa, kenako anakoka khungu la m'mwamba n'kulitsitsa mpaka m'munsi. Mchombo sanauchotse, anangoubowolera potulukira pena. Msoko wayambira m'chiuno mbali iyi kukathera mbali inayo. Papita masabata awiri.

Zimene anati ndiziyembekezere zonse ndinaziona: kuyenda chowerama ngati nkhalamba, kugona maondo ali m'mwamba, timapaipi tiwiri totulutsa madzi m'kati, lamba wothina usana ndi usiku, kutupa. Kutsokomola kunali ngati wina akung'amba nsalu m'kati mwanga. Timapaipi atachotsa, ndinabwerera kumudzi ndili wokondwa. Koma Loweruka m'munsi mwa mchombo munatuluka matuza, dzulo khungu layamba kuda, lero thupi latentha.

Ayamba ndi kuyeza malungo, monga mwa masiku onse. Palibe. Shuga ali bwino. Magazi achepa pang'ono. Andiika dripi ndi jakisoni wopha tizilombo, wa m'mawa ndi madzulo. Dokotala, a Maliko, atenga cholembera chakuda n'kuzunguliza mzere pamalo padapo. Ati kudako kukakhala m'kati mwa mzere, tidikira thupi lidzikonze lokha. Kukadumpha mzere, tikambirana zina. Malo ake ndi aakulu ngati chikhatho cha mwana. Mchombo uli kunja kwa mzere, pamwamba pake pang'ono.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Kuno kumacha ndi phokoso la ndowa. Okolopa amayamba, kenako magadiyani onse amatulutsidwa, kenako mankhwala, kenako madokotala, kenako kutsuka zilonda. Chotsala ndi kutentha. Okotobala wa kuno safuna mnzake.

Gadiyani wanga ndi Amayi Habiba, akulu awo a malemu mayi anga. Mayi anga anamwalira ine ndili ndi masiku ochepa, ndiye amene ndimawatcha Amayi ndi amenewa. Akugona pansi, pamkeka, pafupi ndi bedi langa. Abwera ndi mphika, beseni lawo lachitsulo ndi fulasiki yawo yaikulu yofiira. M'mawa andiphikira phala la mpunga, masana kondowole wa chambo. Ndadya pang'ono, andikalipira ngati ndili Sitandade 2.

Pa bedi loyandikana nane pali Benedicta, wodula nzimbe ku Dwangwa, kwawo ndi ku Nsanje. Anadzitema ndi chikwanje pamwendo, bala n'kuvunda. Wakhalitsa, moti amadziwa nesi aliyense ndi kayendedwe ka nsapato zake. Atamva za ine anaseka mpaka kutsamwa. Anati, "Asisi, ife tikukhetsa thukuta kuti mimba ituluke, inu mukukwera basi kukaidulitsa?"

Ndinaseka nawo, ndagwira pamimba ndi pilo. Koma ndinamuuza zoona. Ana anayi, awiri omalizawo mapasa. Mimba inatsala ikulendewera mpaka pantchafu. Nyengo ngati ino pansi pa khwinya pankasupuka, pankanunkha, ndinkayika kansalu kuti kazimwa thukuta. Pamsika makasitomala ankandifunsa kuti ndi ya miyezi ingati, mapasa ali kale ku sukulu. Poswali ndinkachita kuinyamula. Bambo a Zahra sanadandaulepo, ndipo za opaleshoniyo anakana kawiri konse. Ndinaifuna ndine ndekha, ndipo sindichita nazo manyazi. Benedicta anangoti walira mvula walira matope, n'kundipempha shuga.

Kuda kuli m'kati mwa mzere.

Lachitatu, 16 Okotobala

Lero ndamva chimene sindinkafuna kumva.

A Maliko anayang'ana bala nthawi yaitali, n'kunena kuti matuza amenewa sakufanana ndi bala longovunda. Akufanana ndi kupsa. Anafunsa ngati ndinayikapo chinthu chotentha. Ndinati ayi. Kenako ndinakumbukira.

Nditafika kumudzi, Amayi anaona msoko, anaona mmene ndinkayendera, n'kugamula kuti ameneyu ndi wa m'chikuta basi, kungoti wabwera wopanda khanda. Mayi wa m'chikuta amathowedwa. Ku Liwaladzi konse, mkazi akachira, amatuma mwana kukaitana a Habiba. Amaviika nsalu m'madzi otentha, kuifinya, n'kuikanikiza pamimba kuti magazi oipa asungunuke ndipo mimba ibwerere. Ine anandithowa pa ana anga onse. Ndipo muyezo wa madzi awo ndi umodzi wokha: kulira kwa mayiyo. Manja awo anafa kale ndi moto wowambira nsomba, sangawayezere kanthu. Amathowa, mayi akakuwa, amathirako ozizira pang'ono. Mayi akapanda kukuwa, ndiye kuti madzi sanafike.

Ine sindinakuwe. Ndinkangomva kulemera kwa dzanja lawo. Iwo anawonjezera otentha, ine chete. Anawonjezeranso. Ananditama kuti ndakula, kuti pa Zahra ndinkalira ngati mbuzi. Masiku atatu, m'mawa ndi madzulo.

A Maliko anandifotokozera modekha. Khungu likasendedwa n'kukokedwa choncho, mitsempha yomvera imaduka, pamakhala dzanzi miyezi yambiri. Magazi nawo amafika movutikira, makamaka m'munsi mwa mchombomo. Khungu lotere silichedwa kupsa, ndipo likapsa silichira msanga. Za dzanzi anandiuza ku Dar. Anandiuza za fodya, za kunyamula zolemera, za kusamba m'nyanja. Za kuthowa sakanandiuza, sadziwa n'komwe kuti kuli anthu amene amathowa. Ndipo ine, wodziwa zonse ziwiri, sindinazilumikize.

Anafunsa ngati awaitane agadiyani awafotokozere. Ndinawagwira mkono, ndinati chonde ayi. Anandiyang'ana, n'kunena kuti chabwino, koma chotentha chilichonse chisayandikirenso pamenepo.

Apaka mankhwala oyera a zilonda zamoto, amanga bandeji. Lamba wothina uja andiletsa kaye.

Lachinayi, 17 Okotobala

Thupi latsika kutentha. Mbali ya kumanzere kwatupa, mukumveka kukhuvuka ndikatembenuka. Alowetsa singano n'kupopa madzi achikasu, masirinji aakulu atatu. Singano sindinaimve. Ndinkaiona ikulowa ngati ikulowa m'thupi la munthu wina.

Amayi ali ndi maganizo awo. Ati kudako ndi magazi oundana, ndipo aundana chifukwa tinasiya kuthowa pakati. Ati madzi amene apopawo ndi umboni. Masana abwera ndi fulasiki yodzaza, beseni lili m'khwapa, ati tingochita mwamsanga anesi asanabwere. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika: ndinati bandeji yamangidwa mwa mtundu wina, tikamasula atithamangitsa. Anang'ung'udza kuti achipatala adziwa chiyani za m'chikuta, ana obadwa dzulo.

Benedicta anamva zonse dzulo, makatani a kuno sabisa mawu. Anangotambasula kapu yake n'kunena kuti, "Amayi, madzi amenewo asapite pachabe, tithireni tiyi." Wamwa makapu atatu kutentha konseku, thukuta lili kamukamu. Mulungu amudalitse mkazi ameneyu.

Kuda kwafika pamzere mbali ya m'mwamba. Sikunadumphe. Kwangofika.

Lachisanu, 18 Okotobala

Bambo a Zahra abwera atachoka ku mzikiti, atenga mango ndi moni wa ana. Ndinawauza zonse Amayi ali kokaphika. Anati Amayiwo awauza okha lero lomwe, mosazungulira, chifukwa chinsinsi chimenechi chindipha.

Ndinawaletsa. Iwo sangamvetse. Amayi anabereka ana atatu, onse anawayika m'manda asanayambe kuyenda. Ukwati unatha. Chimene anatsala nacho ndi ine ndi manja awo aja. Akamadutsa pamsewu amaloza anyamata a kabaza n'kumati uyu mayi ake ndinawathowa ndine, uyo ndinamusambitsa ndine. Mchombo wanga woyamba anausamala ndi iwo, mayi anga ali m'manda. Amakonda kunena kuti anakhala sabata yathunthu osagona tulo, kuulondera kuti ugwe bwino, ndipo utagwa anakaukwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, pa chinkhoswe changa anainenanso anthu ali gwa. Ndiye ndiwauze kuti manja omwewo ndi amene andiwotcha?

Bambo a Zahra anati nanga akadzakuthowanso. Ndinati ndili maso. Anapukusa mutu, anati mayi a Zahra, munthu sakhala maso masiku onse. Anandiwerengera duwa, pemphero lathu la Chisilamu, napita kukakwera minibasi.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti ndione mmene akuonekera papepala.

Loweruka, 19 Okotobala

Kwadumpha.

Pang'ono pokha, ngati m'lifupi mwa chala, kulowera ku mchombo. Sisita Liness, nesi wotsuka zilonda, anayitana a Maliko. Ajambula mzere wachiwiri ndi cholembera chofiira. Pakati pa bala pauma, palimba ngati chikopa cha ng'oma. M'mphepete mukutuluka timadzi, ndipo fungo layamba. Ndikulidziwa fungo limeneli, ndinalipeza pa mwendo wa Benedicta tsiku loyamba.

Asintha mankhwala, awonjezera ena a m'botolo la dripi, katatu pa tsiku. M'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna chitsulo. Ati sangathamangire kudula, ayenera kudikira kuti chakufa chisiyane bwino ndi chamoyo, kuopa kudula ndi chabwino chomwe. Ndinafunsa za mchombo. Anati mtundu wake sukuwasangalatsa, koma tione.

Sindinadye.

Lamulungu, 20 Okotobala

Akwaya abwera kudzayimbira odwala. Benedicta anayimba nawo mokweza kuposa onse, mawu ake ngati wilibala yopanda girisi. Bedi la pakhomo latsala lopanda munthu. Mayi amene anali pamenepo anamutulutsa m'mawa atamuphimba, achibale akulira m'khonde. Matiresi aimika padzuwa.

Amayi akhala tsiku lonse akundiyang'ana. Sakukalipanso. Andisenda mango, andipesa tsitsi. Fungo alimva, ndinawaona mphuno. Anafunsa kuti achipatalawa akudikira chiyani, mwana akuwola iwo akujambula mizere. Ndinati akudziwa chimene akuchita. Anati, "Ine ndakusiya m'manja mwa anthu, ndikuona ukundithera."

Fulasiki aitsuka, aiyika pansi pa bedi pafupi ndi beseni. Ndikatembenuka ndikuiona.

Lolemba, 21 Okotobala

Mzere wofiira nawo wafikidwa. Kutsuka kwa lero kunapweteka m'mbali, kumene khungu lili ndi moyo. Ati mawa andipatsa jakisoni wa ululu asanayambe.

Ndatopa. Dzanja la dripi latupa, asamutsira dzanja linalo.

Lachiwiri, 22 Okotobala

Ndilemba pang'onopang'ono.

Jakisoni wa ululu uja anandigonetsa. Atatha kutsuka ndinagona tulo tofa nato, dzuwa lili pamutu. Benedicta anali atapita ku ekiseleyi. Chimene chinandidzutsa si ululu, ndi nthunzi kumaso. Nditatsegula maso ndinaona chitenje chapachikidwa kutchinga bedi, beseni lili pampando likufuka, bandeji yamasulidwa kale yonse. Amayi anali atafinya nsalu, akupemphera chapansipansi. Sindikudziwa ngati anali atayikapo kale kamodzi. Sindingadziwe. Ndi chimene chikundiopsa kwambiri.

Ndinagwira dzanja lawo ndi manja onse awiri. Nsalu inandiwotcha zala, ndinakuwa. Anadabwa, anati zala zokha ukulira, pamimba sunalire masiku atatu. Anati ndisiye, ndi mankhwala omwe ndakuchiritsa nawo katatu.

Pamenepo ndinadziwa kuti bambo a Zahra ananena zoona. Zokana nsalu ya akulu moiviika zinali zitatha.

Ndinati, "Amayi, ikani nsaluyo pansi. Nditseka maso. Munditsine pamimba, pamene pali pabwinopo, monga munkanditsinira ndikaba shuga."

Ndinatseka maso. Ndinadikira. Ndinkamva ndowa ikugwa kubafa, mwana akulira ku wodi ya ana, mpweya wa Amayi. Ndinadikirabe. Kenako ndinafunsa ngati ayamba.

Nditatsegula maso, zikhadabo zawo zinali zitasiya mabala awiri pakhungu langa, lina likutuluka kamagazi. Anayang'ana zala zawo, anayang'ana beseni, anayang'ana pakuda paja. Amayi sanapite ku sukulu koma si munthu wofuna kumuuza kawiri.

Anati, "Ndiye sikunali kulimba mtima."

Ndinati, "Sindinkamva, Amayi."

Anati, "Ndipo ine ndinkawonjezera."

Sisita Liness anafika, anaona zonse, anatsegula pakamwa kuti akalipe. Atawaona Amayi nkhope, anatseka. Anangotenga beseni n'kukataya madzi panja, nabwera kudzamanganso bala. Amayi anachotsa chitenje chawo pa chingwe, anachipinda bwinobwino, anatenga fulasiki, natuluka. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Lachitatu, 23 Okotobala

Amayi sanagone muno. Mkeka wawo uli chipindire. Phala labwera ndi gadiyani wa Benedicta, ati amupatsira kukhitchini ya magadiyani kuti andibweretsere. Ndi phala lawo, ndalidziwa ndi mchere. Ndinamufunsa kuti ali bwanji. Ati angokhala pa mwala kuseri kwa khitchini, sakuyankhula ndi munthu, moto akusonkhera ena.

Ndatuma uthenga kuti abwere. Sanabwere.

A Maliko abwera ndi dokotala wina wamkulu. Anatsina mchombo ndi kachitsulo, anabaya ndi singano kuona ngati utuluke magazi. Sunatuluke. Wada wonse, wafota ngati mphesa youma. Ati wafa. Lachisanu andilowetsa ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, achotsa khungu lonse lakufa pamodzi ndi mchombo. Bala alisiya lotsegula, azilitsuka mpaka litamera mnofu wofiira. Likayera adzanditumiza ku Lilongwe kuti akasende khungu pantchafu n'kumata pamenepo. Chimene sakudziwa ndi kuzama kwake. Ngati kuvunda kwafika pa minofu imene anasoka ija, ndiye kuti ntchito yonse aimasula. Adziwa akatsegula.

Ndinafunsa ngati munthu amakhala wopanda mchombo. Anaseka pang'ono, ati amakhala, ulibe ntchito munthu akabadwa. Ndikudziwa kuti ulibe ntchito. Koma ndalira.

Benedicta sanandiseke lero. Anati iye anauzidwa kuti mwendo mwina adula, ndipo uwu ulipo, ukununkha koma ulipo. Kenako anati ndikadzachira ndidzamupatse chitenje chimodzi cha ku Dar, chifukwa tiyi amene anamwa chifukwa cha ine anamuchotsa thukuta la mwezi wathunthu.

Lachinayi, 24 Okotobala

Atenga magazi, ati asunge botolo limodzi mwina lidzafunika. Wogonetsa anthu wabwera kudzandiyang'ana m'kamwa ndi kundifunsa ngati ndili ndi mano ovula. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa. Ndasayina.

Bambo a Zahra anapita kukhitchini kukawaona Amayi. Abwerako maso ali pansi. Ati anawapatsa moni, iwo anayankha, n'kufunsa tsiku la opaleshoni ndi chimene akachotse. Atawauza, anangogwedeza mutu. Kunabweranso uthenga wochokera kumudzi kuti mwana wamkazi wa a Bakari wachira, wabereka mwana wamwamuna, akudikira a Habiba. Amayi ati akawauze apeze wina.

Chimenechi chandipweteka kuposa bala. Mwana wa a Bakari wabereka bwinobwino, khungu lake likumva, akanakuwa ndipo Amayi akanathirako ozizira monga achitira zaka zonsezi. Ndinkaopa kuti ndikawauza ndiwathyola manja. Ndawathyoladi.

Sindikuwakwiyira. Ndayesa kufufuza mkwiyo mumtima mwanga, ndapeza wa ine ndekha, kuti ndinakhala chete masiku onse aja fulasiki ili pansi pa bedi.

Lachisanu, 25 Okotobala, m'mawa

Andiveka chovala chobiriwira chotseguka kumbuyo. Ndine wachiwiri pamndandanda. Kukhosi kwauma.

Amayi abwera. Analowa madokotala ali m'kati, nthawi imene magadiyani saloledwa, ndipo palibe anawaletsa. Avala mpango wawo woyera wa pa Idi. Fulasiki palibe. M'manja anali ndi kansalu koyera, katsopano, kong'ambidwa bwino, kakakulu ngati mpango wa m'thumba.

Sanayang'ane ine. Anapita kwa a Maliko, anagwada pansi pa simenti, munthu wamkulu ngati uja kugwadira mwana woti angamubereke. Anati, "Adokotala, chimene muchotsecho musakataye. Kwathu chiwalo cha munthu sitimataya, timakwirira. Mundikulungire umu. Woyamba ndinakwirira ndine."

A Maliko anawadzutsa, anati zimenezo zimatheka, alankhula ndi a ku fiyeta. Analandira kansaluko ndi manja awiri.

Akubwera ndi machira.

Loweruka, 26 Okotobala

Ndadzuka. Kusanza. Botolo la magazi alipachika. Sindingalembe.

Lamulungu, 27 Okotobala

Ati kuvunda sikunafike pa minofu, msoko wa m'kati uli bwino. Alhamdulillah. Achotsa khungu lalikulu ngati chikhatho changa ndi zala zomwe. Potsuka lero ndinayang'ana kamodzi kokha. Pali dzenje lofiira, ndipo pamene panali mchombo palibe kanthu. Sisita Liness ati kufiirako ndiye kwabwino, mnofu wotuluka magazi ndi wamoyo. Koma mbali ya kumanzere kuli kamalo kotuwa kamene sakukakhulupirira. A Maliko ajambulapo mzere wina. Tiziona m'mawa uliwonse. Za ku Lilongwe ati tisawerengere masiku.

Amayi anapita ku Liwaladzi Lachisanu lomwelo, ine ndisanatsitsimuke, kanthu kawo kali m'chikwama. Abwerako lero masana. M'zikhadabo muli dothi. Ati pansi pa mango pauma gwa, khasu linkangodumpha, koma anakana kuti wina awakumbire. Ati malo sanawaiwale, ayika pambali pa woyamba uja.

Anakhala pamkeka, patali ndi bedi, manja ali pamiyendo. Phala anapatsira Benedicta kuti andipatse, ngati iwo dzanja lawo silingafike. Ndinawaitana kuti akhale pabedi. Anakana. Ndinaitananso, ndinati msana ukundipweteka, palibe wondikhazika bwino. Linali bodza, ndipo iwo anadziwa, koma anadzuka.

Anaima pambali panga osadziwa poika manja. Anayang'ana bandeji, n'kubweza manja kumbuyo. Kenako anapita kumiyendo, anagwira phazi langa mopepuka, ndi nsonga za zala zokha.

Anati, "Apa ukumva?"

Ndinati ndikumva.

"Kukutentha?"

Ndinati ayi, Amayi, dzanja lanu likuzizira.

Anakhala pansonga pa bedi, phazi langa lili m'manja mwawo, mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Mphindi zingapo zilizonse ankafunsanso ngati ndikumva, ndipo ine ndinkayankha.